Katochi ka pa makiyi: lekani foni ipumule mu thumba

Imwe amene mumafika pa nyumba dzuwa litalowa kale, niyankheni. Mwatsika basi pa stesheni yanu, kwatsala maminiti 10 kapena 15 oyenda pansi, malaiti kulibe, mwezi kulibe. Chimene mumachotsa mu thumba ni chani? Yankho niidziwa: ni foni. Pafupifupi tonse timachita chimodzimodzi. Timayatsa tochi ya pa foni, timaikweza m'mwamba, na kuyamba kulumpha matope. Lelo nifuna tikambilane za kanthu kamene kangalande foni nchito imeneyi. Ni katochi kang'ono monga chala, kamene kamakhala pa makiyi anu usana na usiku. Sikadula, koma kukasankha kufuna nzelu pang'ono, chifukwa tumatochi twambili tumene tuli pa msika tumawala bwino tsiku logula chabe.

Mdima si mlendo mu komboni

Amene munali akulu mu 2015 mukumbukila load shedding ya maola 8 pa tsiku. Mu 2019 inabwelanso. Koma chaka chimene chinatiphunzitsa zenizeni ni 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February chaka chimenecho President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chakhala tsoka la dziko lonse. Malaiti athu ambili amachokela ku madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge na ku Itezhi-Tezhi. Madzi akachepa mu damu, makina nawo amachepa mphamvu. Kariba North Bank, imene ingapange ma megawatt 1,080 madzi akakhala okwanila, inatsala pang'ono kuimilatu. Mu March ZESCO inayamba na maola 8, mu May anafika 12, ndipo chakumapeto kwa chaka tinaleka kuwelenga maola a mdima. Tinayamba kuwelenga maola a malaiti, chifukwa ndiwo anali ochepa. M'madela ambili anali 3 chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku.

Koma tisanamize damu yokha. Ngakhale Kariba idzale mpaka pakamwa, tunjila twa pakati pa manyumba ku George, ku Mtendere kapena ku Chawama tudzakhalabe mu mdima. Ma street light mumawaona mu Cairo Road na mu Great East Road. Mukangokhota kulowa mkati mwa komboni, kuwala kumene kulipo ni kwa pa kantemba, kwa pa bala, na kwa mbaula ya amai ogulitsa chimanga chowotcha. Kuno ku Lusaka dzuwa limalowa cha m'ma 18 hours, ndipo mu June limalowa 18 hours ikalibe kukwana. Manje welengani anthu amene amayenda dzuwa kulibe. Amai opita kukaoda ndiwo ku Soweto amanyamuka 04 hours. Alonda, manesi na oyeletsa a ku UTH, anyamata a mashifiti ku Industrial Area, ogwila nchito m'mashopu a ku East Park na Manda Hill amene amabwelela ku Kalingalinga na ku Mtendere, makondakitala amene amapaka basi usiku, onsewa mdima ni mnzawo wa tsiku na tsiku.

Ikafika November, nkhani imakula. Akulu anati walila mvula walila matope, ndipo a ku Kanyama mwambi uyu amaudziwa na mapazi. Kanyama ili pa malo osalala, pamwamba pa mwala, ndipo madzi a mvula sachedwa kuima. Akaima amabisa zonse: ngalande, dzenje, botolo yosweka, mwala wakuthwa, waya. Masana mumaona miyala imene anthu aika kuti mupondepo. Usiku mumangoganizila. Madzi amenewo amasakanizika na za m'zimbuzi, ndipo tonse tikumbukila kolela imene inayamba mu October 2023, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anatsegula pa 12 February 2024 m'malo mwa January. Kolela siloŵela ku phazi, zoona. Koma munthu amene wagwa na manja onse awili m'madzi aja, thumba la bledi lili ku dzanja, wabweletsa vuto pa nyumba. Kuona pamene muponda ni nkhani ya umoyo.

Nanga foni yalakwa chani?

Mwina mukuti, foni ili na tochi kale, ina ni ya chani? Ganizilani chimene foni yakhala masiku ano. Kale, masiku a Nokia 1100 imene inatuluka mu 2003, katochi ka pamutu pa foni kanali konyaditsa, ndipo foniyo inali kukhala masiku angapo osachaja. Ikagwa, munali kutola zidutswa, kubwezela batili, basi yayaka. Foni ya lelo ni banki. Muli Airtel Money kapena MTN MoMo, muli ndalama ya chilimba, manambala a makasitomala, WhatsApp ya ku nchito, mafoto a ana. Ena mukali kuilipila pang'onopang'ono mwezi na mwezi. Chinthu chotele ndiye mwachikweza m'mwamba pa mdima, chikuwala, chikuuza aliyense amene wakhala pa kona kuti nili pano. Anyamata amene timawatcha ma junkie safunika kuwaitana kawili. Munthu wanyamula katochi ka chala sakopa maso monga wanyamula foni ya skilini yaikulu, ndipo ngakhale akalande, mailo mugula kena.

Pali na nkhani ya batili. Tsiku limene malaiti apita kuseni, foni imafika madzulo ili pa 15 pelesenti. Mukaiyatsa tochi njila yonse, mumafika pa geti yazima, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene mufunika kutumila wa mkati kuti akutsegulileni. Mwana akadwala usiku, batili ija ni ya kuitana taxi. Komanso foni ni yotelela, ifuna dzanja lonse, ndipo simungailume pakamwa kuti manja agwile zina. Ndani wa ise sadziwa munthu amene foni yake inathela mu chimbuzi? Amene inamuchitikila amaseka manje, koma tsiku lija sanaseke.

Ine kanga nili nako kuyambila mu June 2024. Nikhala ku Chawama, pa yadi ya mabanja anayi, chimbuzi chimodzi kumbuyo. Ni ka batili imodzi ya AAA, kachitsulo, kotalika monga chala changa chapakati. Nikawelenga nchito zimene kamagwila pa sabata imodzi, nimadabwa. Kamanionetsa pa bowo la loko ya pa geti. Mayuniti akatha usiku, foni imakhala ku dzanja limodzi kuti niwelenge manambala 20 a token, katochi kali pakamwa kuunika pa mita, chala chikudinda. Mwana akatentha thupi 02 hours, nimaona bwino mzele wa pa kasupuni ka mankhwala popanda kuyatsa kandulo pafupi na neti ya udzudzu. Chenji ikagwa pansi pa mpando mu basi, kondakitala amabweleka. Pa nyumba ya malilo, pamene azibambo agona panja ndipo aliyense afunafuna nsapato zake kuseni, katochi kanga kamazungulila manja ambili kasanabwele kwa ine.

Kachiwili ninagulila amai anga, amene amagulitsa tomato na repu pa msika ndipo amapita ku Soweto kukali mdima. Poyamba anakayang'ana monga chidole cha ana. Anakamanga pa chingwe chimodzi na kiyi ya nyumba, mkati mwa chitenge. Patapita masabata awili ananiuza kuti: "Iwe, aka kanthu kali na nchito. Manje niona vamene nigula. Kudala benze kuniikila vobola pansi pa bokosi, manje niunika mpaka pansi." Kwa iwo katochi kamateteza phindu la tsiku. Bokosi imodzi ya tomato wobola ni ndalama ya ndiwo za masiku angapo.

Tumatochi tung'ono totele tunalibe kale. Makolo athu anali kunyamula tochi yaikulu ya mabatili awili kapena atatu onenepa, ya kababu kamene kanali kupsa nthawi iliyonse. Chimene chinasintha zinthu ni LED. Mu 1993 Shuji Nakamura, pa kampani ya Nichia ku Japan, anapanga LED ya buluu yowala kwambili, ndipo kuchokela pamenepo kunabwela LED yoyela imene ili mu foni yanu, mu babu ya pa nyumba na mu katochi. Mu 2014 analandila mphoto ya Nobel pamodzi na Isamu Akasaki na Hiroshi Amano. LED imadya moto pang'ono ndipo siipsa msanga. Ndiye chifukwa chake kabatili ka mu remote kangakuunikileni njila lelo.

Mosankhila

Choyamba ni ukulu. Tochi yaikulu ija ya pamwamba pa kabati ni yabwino, koma mdima ukakupezani pa stesheni siingakuthandizeni. Tochi imene ithandiza ni imene ili na imwe. Ndiye sankhani kamene sikapitilila chala kutalika, ndipo sikalemela kuposa makiyi awili kapena atatu. Kakayamba kung'amba thumba la thalauzi kapena kukulasani pa ntchafu mu basi, mudzakachotsa pa makiyi, ndipo ndalama yanu idzagona mu dilowa.

Chachiwili ni kuwala. Pa paketi mudzaona nambala na liu lakuti lumens. Umenewo ni muyeso wa kuwala. Kandulo imodzi imapatsa ma lumens pafupifupi 12. Kuti muone bowo la loko, muwelenge pepala kapena mulowe mu chimbuzi, ma lumens 5 akwana. Kuti muyende mu kanjila ka matope, 20 kapena 30 ni abwino. Kuti muone mbali ina ya yadi galu akauwa, mufuna pafupifupi 100. Katochi ka AAA imodzi kamafika pafupi na pamenepo, ndipo mukakasiya pa mphamvu yonse batili siipitilila ola limodzi. Mukakaika pa kuwala kochepa, batili yomweyo ingakufikitseni kuseni na kutsalako. Manje mukaona kanthu ka pulasitiki kotchipa kalembedwa ma lumens masauzande, dziwani kuti inki siidula. Kabatili kang'ono kalibe mphamvu imeneyo. Ngakhale pa matochi a makampani odziwika, amene amatsatila muyeso wa ANSI FL1, maola olembedwa pa paketi amawelengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 pelesenti ya poyamba. Tanthauzo lake ni lakuti ola lothela limakhala la kuwala kofooka.

Chifukwa cha ichi, funani kamene kali na magiya awili kapena atatu, kuwala kochepa na kuwala kwambili, ndipo ngati n'kotheka kayambile pa kochepa. Mu chipinda chimodzi mmene mwagona anthu asanu, simufuna kudzutsa onse pofuna masokosi. Tumene tumaphethila monga disko musanafike pa kuwala kwabwino tumatopetsa, ndipo mudzatutukwana tsiku lililonse. Yang'ananinso mmene kuwala kumagwela pansi. Kumene kumapita kutali monga kadontho kamodzi ni kwa alonda. Imwe oyenda pansi mufuna kumene kumafalikila, kuti muone phazi lanu na masitepe atatu kutsogolo. Ndipo pakati pa kuwala kooneka buluu na koyela bwino, tengani koyela. Kwa buluu kumabisa mtundu weniweni wa zinthu, kaya ni nyama, tomato kapena nkhope ya mwana wodwala.

Chachitatu, chimene chili chachikulu pa zonse, ni batili. Pali mitundu itatu. Woyamba ni wa tumabatili tozungulila monga ndalama yachitsulo, CR2032 kapena LR44. Tumatochi twa mtundu uwu ni topepuka ndipo ni totchipa kwambili, koma tumafooka msanga, ndipo tumabatili twake simungatupeze pa kantemba kalikonse. Nthawi zambili mufunika kupita kwa okonza mawochi mu town. Ambili batili ikatha amangotaya katochi konse.

Wachiwili ni wa AAA, batili ya mu remote ya TV. Ubwino wake ni wakuti ili paliponse, kuchokela pa kantemba ka pa kona ku George mpaka mu Shoprite. Ikatha 21 hours, mumagula ina, kapena mumabweleka ya mu remote, pakuti TV nayonso ili chete. Mukakwanitsa, gulani yolembedwa alkaline. Zotchipa zija zolembedwa heavy duty ni za mtundu wakale, ndipo mu tochi ya LED sizikhalitsa. Batili iliyonse ya mitundu iwiliyi ikakhala nthawi yaitali mkati imatha kutulutsa madzi oyela amene amadya chitsulo. Ndiye tsiku lolipila lendi, tsegulani katochi muyang'ane. Ni nchito ya theka la miniti.

Wachitatu ni wochaja na USB. Uwu uli na batili ya lithium mkati, ndipo ambili amawala kuposa a AAA. Simugula mabatili, ndipo chifukwa kabatili kake ni kang'ono, sikachedwa kudzala. Pali tuna tumene tuli monga kabokosi ka machisi, tuli na maginito kumbuyo na potsegulila botolo. Utu ni twabwino kwa amai ophika kapena ogulitsa usiku, chifukwa mumakamatika pa chitseko chachitsulo ndipo manja onse ali omasuka. Koma ganizilani umoyo wanu. Malaiti akabwela 01 hours kwa maola ochepa, soketi imodzi ija imakhala na mzele: mafoni anayi, power bank, babu yochaja. Katochi kamakhala kothela, ndipo kamaiwalika. Komanso batili ya mkati ikafa pambuyo pa zaka zingapo, pa twambili simungaisinthe. Mukasankha ka USB, onani kuti pakamwa pake pafanana na chaja ya foni yanu, kaya ni USB-C kapena micro-USB, kuti musamayende na nthambo ziwili.

Langizo langa ni ili. Ngati pa nchito panu pali malaiti tsiku lonse, mu ofesi, mu shopu ya pa mall, pa chipatala, tengani ka USB ndipo muzikachaja kumeneko kamodzi pa sabata. Ngati nchito yanu ni ya pa msika, pa msewu kapena pa site, ndipo ku nyumba malaiti ni a mwayi, tengani ka AAA na batili imodzi yapadela mu chikwama.

Chachinayi ni swichi. Katochi ka pa makiyi kamakhala mu thumba pamodzi na makobili, chisa na zina zonse. Ngati kabatani kake ni kofewa ndipo kali pamwamba, kadzayaka kokha mu basi pamene mwapanikizana anayi pa mpando, ndipo madzulo mudzapeza batili yatha kuunikila thumba. Tumene mumapotokola mutu kuti tuyake tulibe vuto limeneli, ngakhale tufuna manja awili kapena chala chozolowela. Ngati ni ka batani, sankhani kamene batani yake yalowa mkati pang'ono kapena ifuna kudinda kawili.

Chachisanu ni madzi na fumbi. Mu August na September mphepo ya Lusaka imalowetsa fumbi paliponse, ndipo mu January mvula imakupezani pakati pa njila. Tsegulani katochi muone ngati pali kamphila kozungulila pamene mutu umakumana na thupi. Kamphila kameneko ndiko kamatseka madzi. Pa paketi, IPX4 itanthauza kuti kapilila kuwazidwa na mvula. IPX7 itanthauza kuti kangagwe m'madzi akuya mita imodzi kwa maminiti 30 osafa. Ngati ni ka USB, onani kuti pochajila pali kachivundikilo kamene kamatseka bwino.

Chothela ni pomangila. Katochi kangakhale kabwino bwanji, ngati kamphete kake ni ka waya woonda kapena bowo lake ni la pulasitiki yopyapyala, tsiku lina mudzapeza makiyi okha. Thupi la aluminiyamu limapilila kugwa pa simenti na kukwechana na makiyi. La pulasitiki limasweka pa bowo pomwepo.

Pa msika

Tumatochi mudzatupeza ku Kamwala, ku City Market, ku Town Centre, ngakhale kwa anyamata oyenda nato m'manja mu Freedom Way na pa mastesheni. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Boss, iyi ni original, iwala monga motoka." Ni nchito yake kukamba choncho. Yanu ni kuyankha kuti, "Ba boss, lekani niyese." Safunsa anadya phula. Masana tochi iliyonse imaoneka yofooka, ndiye ikani mutu wake mkati mwa manja kapena mu chola kuti muone kuwala kwenikweni. Kayatseni na kukazima kasanu kapena kakhumi. Kagwedezeni, kagogodeni pa dzanja. Kakaphethila, mkati muli polumikiza pofooka, kasiyeni. Kasiyeni koyaka miniti imodzi kapena awili mukukamba mtengo. Kakayamba kufooka pomwepo kapena kutentha kwambili, mwaona tsogolo lake. Pemphani atsegule muone batili imene ili mkati. Ngati ni ka USB, akalumikize pa chaja muone kalaiti kosonyeza kuti kalowetsa moto. Wogulitsa amene akana kuti muyese wakuuzani kale zonse.

Pa mtengo, musathamangile kotchipa kwambili, ndipo musaope kuti kabwino ni ka anthu a ku mayadi. Kapakati, kachitsulo, ka magiya awili, kamakwana. Yelekezani na ndalama yosinthila skilini ya foni yosweka, mudzaona kuti ni kotchipa.

Pa nyumba pali ana

Apa nikambe mosaseka. Tumabatili tozungulila tuja ni toopsa kwa ana ang'ono. Tumawala monga switi, ndipo mwana akameza kamodzi, kangakakamile pa m'melo na kuyamba kuwotcha mkati m'maola awili chabe. Zikachitika, musamusanzitse ndipo musayembekeze kuti kuche. Thamangani naye ku chipatala, kaya ni Kanyama, Matero kapena Chawama Level One, ndipo muwauze kuti wameza batili. Makiyi ndiwo chidole choyamba chimene timapatsa mwana akalila mu basi, ndiye ngati pa nyumba pali wokwawa, ichi chokha ni chifukwa chokwanila kusankha ka AAA kapena ka USB. Tumatochi tumene tuli na laser, kadontho kofiila kaja, tusiyeni pa shopu. Ana amaunikana nato m'maso, ndipo diso silisinthidwa.

Batili ya lithium siifuna kutentha. Musaisiye pafupi na mbaula kapena pa dashboard ya motoka mu October. Ikayamba kutupa, lekani kuichaja. Mabatili akutha musawaponye pa moto chifukwa amaphulika, ndipo musawataye mu chimbuzi. Mu komboni monga Kanyama madzi a pansi ali pafupi, ndipo chimene chalowa mu dzenje chimapeza njila yofika ku chitsime.

Ulemu wa tochi

Kuwala nakonso kuli na mwambo. Mukakumana na munthu mu kanjila, tsitsani katochi kayang'ane pansi, mupatseni moni. Kuunika munthu kumaso ni chipongwe, makamaka wamkulu, ndipo kwa munthu wamwa ni chiyambi cha ndeu. Musaunike m'mawindo a anthu kapena ku bafa ya pa yadi. Mukaona agogo kapena amai onyamula mwana akuvutika kuwoloka madzi, imani muwaunikile mpaka adutse. Sizikuchotselani kanthu.

Pa msewu waukulu, monga Los Angeles Road ku Kanyama, Alick Nkhata ku Kalingalinga kapena Commonwealth Road ku Matero, katochi kali na nchito ina: kuti oyendetsa akuoneni. Munthu wovala zakuda pa mdima, mvula ikugwa, dilaiva amamuona atafika kale pafupi. Yendani ku dzanja lamanja la msewu kuti muyang'anane na mamotoka amene akubwela, katochi koyaka kali pansi, kakugwedezeka na dzanja lanu. Musakaloze kumaso kwa dilaiva.

Ndipo musadzinamize kuti katochi ni chida. Sikathamangitsa kawalala. Njila imene anthu amaikamba kuti ni yoipa ikali yoipa ngakhale muli na ma lumens 100. Yendani awili kapena atatu, pitani kumene kuli anthu, uzani a ku nyumba kuti mwatsika basi. Nthawi zina nzelu ni kuzima katochi na kuyenda mwakachetechete pamene njila muidziwa. Chimene kamachita ni kukuonetsani dzenje musanagwemo, kufupikitsa nthawi imene mumaima pa geti kulimbana na loko, na kusunga foni yanu pamene maso a anthu safika.

Mwezi ukatha, ndalama ikalowa, musanayambe kugawa za lendi, za unga na za malasha, patulani pang'ono. Mukakwanitsa tuwili, kena mupatse amene amachoka pa nyumba choyamba kuseni kapena amene amafika chothela usiku. Pa nyumba zambili ameneyo ni amai, kapena mlongo wanu wa shifiti ya usiku, ndipo sadzakupemphani, chifukwa anazolowela kale kuyenda mu mdima. Musamupatse m'manja kuti akaike yekha. Tengani makiyi ake, mukamange pomwepo, muikemo batili yatsopano, ndipo mumuonetse poyatsila.